Mabelu Anayi pa Mtsetse wa Chigwetsa

Ndani wanena zimenezo? Iwe Moffat, ndiwe? Bwereza ndimve bwino, chifukwa makutu anga awa, ngakhale anthu awanyoza zaka makumi atatu, amamva nyerere ikatsokomola kuseri kwa msika. Mwabwera ndi tinjinga tanu ta magiya kuti ndikumatireni machubu, mwakhala pa benchi langa, mumthunzi wa mtengo wanga, ndiye mukunong'onezana kuti mudala uyu ndi amene anasiya mlamu wake m'thengo mpaka mwendo kuola. Ndakumvani. Loweruka lomweli taika Elias m'manda, dothi silinaume n'komwe, inu mwayambiranso. Chabwino. Sulushoni ameneyu amafuna nthawi kuti agwire, ndiye palibe amene achoke pano. Khalani phee ndikuuzeni mmene zinakhalira, ndipo amene akuti ndikunama apite akatsike yekha mtsetse wa Chigwetsa ndi thumba la mchere pakaliya. Akabwerako ndi mano onse m'kamwa, tidzalankhulane.

Chinali chaka cha chimanga chachikasu chija, mvula itatifulatira, anthu akuwiritsa mango osakhwima kuti ana agone. Inu munali musanabadwe, kapena munali kumsana kwa amayi anu mukuwanyowetsera zitenje. Ife tinali amuna asanu, ndipo ntchito yathu inali kutsika ndi mchere, sopo ndi salaula, zovala za kaunjika zija, kuchokera pamsewu waukulu uno mpaka kuchigwa cha ku Shikabeta, n'kukabwerako ndi nsomba zouma. Galimoto inkazungulira kutali, ikapezeka n'komwe, koma ife tinali ndi njira yathu yodulira m'nkhalango, njira imene anaitsegula ndi nguluwe ndi anthu ofula uchi, ndipo pa njira imeneyo wapatsogolo ndinali ine Lazaro, amene Rufunsa yonse inkanditcha Nobuleki. Dzina limenelo sindinachite kupempha. Mabuleki a njinga yanga ndinawachotsa ndekha n'kupatsa mkazi wanga kuti azipanira mbatata pamoto, chifukwa buleki ndi ya munthu amene sakudziwa kumene akupita. Ine ndikafuna kuchepetsa liwiro ndinkangoponda tayala lakumbuyo ndi nsapato yanga ya mphira, basi.

Njingayo inali yakuda, yamakedzana, ya mipiringidzo iwiri, yolemera moti mbala ina itaiba inaibweza yokha tsiku lomwelo n'kupempha madzi akumwa. Inkanyamula matumba atatu a mchere, ine pamwamba, ndipo ikanadandaula ndikanaimva. Machubu akasowa ndinkapakira udzu m'matayala, mbuzi za ku Mpanshya n'kumanditsatira mpaka pakhomo pa tchalitchi zikunyambita malimu. Mukuseka chiyani? Funsani aliyense wa imvi pamsika pano. Osati zanuzi, zoti ukayetsemula pafupi masipoko atatu aduka, mwabwera kwa Lazaro.

Manje mvetserani apa, chifukwa mlandu wonse wagona apa. Pa njira ngati imeneyo wapatsogolo sacheuka. Ukangocheuka kuti uone anzako, tayala lagunda muzu, wagwa, ndipo onse akumbuyo akuunjikira ndi katundu wawo. Enawonso sayang'ana kumbali, aliyense maso ali pa tayala la mnzake. Ndiye tinali ndi lamulo la mabelu. Tikadutsa malo oipa, wapatsogolo ankaliza belu lake kamodzi, akumbuyo n'kuyankha mmodzimmodzi, iye akuwerenga. Akalira anayi, tiye nazo. Akalira atatu, umaima pamalo oyamba pamene njinga yolemedwa ingaime, chifukwa wina wagwa. Kuwerenga inali ntchito ya wapatsogolo yekha, tinkati ndiye mwini makutu. Pambuyo panga pankabwera ana a Tembo awiri, kenaka Gilbert, ndipo kumchira kunali Elias, mwamuna wa mlongo wanga Esinati, atanyamula pampu ndi masipanala. Belu la Elias linali long'aluka, linkalira kuti khwee-khwee ngati tambala wa chimfine, sukanalisokoneza ndi la munthu wina. Mwini wakeyo anali munthu wa tchalitchi, woti nkhuku ya mnzake ikaikira pakhomo pake ankanyamula dzira kukabweza. Chibadwire anali asananamepo, ndipo anthu ankadabwa kuti chilamu cha iye ndi ine chinkatheka bwanji.

M'mawa wa tsikulo tikumanga katundu pompano, pamene pali shopu ya simentiyo, basi ya ku Lusaka inatsitsa munthu wina, ba Chanda, wopima zitsime, atavala kabudula wothina ngati wa mwana wa giredi wani ndi chisoti chonga chigoba cha kamba. Anatsitsa njinga imene tinali tisanaionepo, yofiira, matayala a mano ngati a thirakitala, magiya osawerengeka, yopepuka moti anainyamula ndi dzanja limodzi uku akudya nthochi. Ankapita kuchigwa ndipo ankafuna omulondolera njira. Ndinavomera, ine ndine munthu wa mtima wabwino. Koma atayang'ana njinga yanga anaseka, pamaso pa azimayi onse ogulitsa vitumbuwa, pamaso pa mlongo wanga, nati: "Ba mudala, izi ni njinga zonyamulira nkhumba. Nikakupitilirani musakalipe, nizakuyembekezani pansi." Azimayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinamufunsa kuti belu lake lili kuti, akuti belu ni ya ana a sukulu. Elias anati timuike pakati monga mlendo, ine ndinati ayi, abwere pambuyo panga penipeni, adye fumbi langa kuyambira pano mpaka kumtsinje. Ndinalumbira mumtima kuti njinga yofiirayo ikandipitirira, ndisiya kuvala buluku.

Tinalowa m'nkhalango dzuwa litangokwera pang'ono, ndipo mukudziwa inu kuti m'miombo muja njira ndi yopapatiza, koma chaka chimenecho mitengo inali itafinyikirana ndi ludzu, yonse ikukankhana kupita kumene kunali kachinyontho, moti pena ndinkachita kutulutsa mpweya wonse m'chifuwa, kupinda mahandulo ndi manja anga awa n'kudutsa cham'mbali, kenaka n'kuwawongolanso uku ndikupalasa, mapewa anga akusenda makungwa uku ndi uku, luzi likutsala lendelende m'mbuyo mwanga loti azimayi a midzi imeneyo anamangira nkhuni mwezi wathunthu, ndipo mizu yake si yamasewera, ina yofika m'chiuno, ine ndikuilumpha itatuitatu ndi katundu yense uja, nthambi zikundimeta tsitsi moti ndinatuluka ndi seda yowongoka kuposa ya aphunzitsi. Mukumva? Titatuluka mmenemo ndinaliza belu. Tembo wamkulu, Tembo wamng'ono, Gilbert, ndiye khwee-khwee. Anayi. Koma panalinso phokoso lina limene sindinalikonde, tcheke-tcheke wa magiya, pafupi kwambiri ndi kaliya yanga.

Kenaka pali malo amene timati Makwerero a Anyani, matanthwe osanjikizana otsika ngati masitepe. Anthu anzeru amatsika n'kukankha. Ine ndinangowalowa, gu! gu! gu! mwala uliwonse kutalika kwake ngati tebulo ili, mano akugundana mpaka la m'mwamba linasinthana malo ndi la m'munsi, onani, ili, lidakali pamalo olakwika mpaka lero, mchere wa miyala umene ndinanyamula unasinjika wokha m'matumba n'kusanduka wosalala wa m'mahotela, ndipo nditaponda tayala kuti ndichepetseko nsapato yanga inayamba kufuka, kenaka inayaka, udzu wouma wa chilala uja n'kugwira moto mbali zonse, mbewa zikutuluka m'mauna zitapsa kale, ine n'kutola ziwiri ndi dzanja lamanzere, n'kupisa m'thumba kumbuyo kutsinako mchere, n'kudya chakudya changa cha m'mawa ndisanafike pamwala womaliza. Pali Mulungu kumwamba, ndinadya mbewa ziwiri, ina inali kapuku. Motowo unazima wokha ndi mphepo ya anzanga podutsa. Ndinaliza belu, anayi anayankha.

Tsono ndinene chilungamo, chifukwa ine sindimana munthu zake. Mwana wa ku Lusaka uja ankadziwa kukwera. Ndinkayesa kuti pa Makwerero atsala akutola mano, koma ayi, ankaimirira pa mapedulo, matako kumbuyo kwa chishalo, njinga ikudumpha pansi pake ngati kamwana ka mbuzi, ndipo ankaimba mluzu. Mluzu, pa njira yanga! Mpweya wake ndinkaumva pakhosi pano, fungo la nthochi. Ndinadana naye munthu ameneyo kuposa mmene ndinadanirapo ndi wina aliyense, ndipo mpaka lero nthochi sindidya.

Pakati pa ulendo pali masuku pamene tinkaima kumwa madzi ndi kukungira malegeni a katundu. Taima pamenepo, ana a Tembo ndi Gilbert n'kuizinga njinga yofiira ija, uyu kuigwira, uyu kuinyamula, uyu kuwerenga magiya, anthu akuluakulu a mabanja kusanduka ana a nazale. Mwini wake akuwalola ayese mmodzimmodzi, akuti nanenso ndiyese. Ndinalavula malovu pansi. Elias, ndi mtima wake uja, anatenga pampu n'kumuonjezera mlendo mpweya osapemphedwa, ndipo atamaliza anabwera kwa ine ndi chigubu cha madzi, nati motsitsa mawu: "Mlamu, mlendo ndi mame, mawa kulibe. Musapikisane naye, ife tili ndi katundu." Ndinamuuza kuti ulaliki ausungire Lamlungu. Anaseka, anandimangirira legeni imene inali italendewera, n'kubwerera kumchira kwake. Kumeneko kunali komaliza kumuona ataimirira ndi miyendo iwiri.

Pa khwawa la kutsogolo kwa masuku tinkaolokera pa mtengo umene unagwa kalekale, koma tsiku limenelo ndinaona kuti mtengowo wanenepa ndipo uli ndi mawanga, nthawi yofunsa panalibe, ndinaukwera, ndili pakati n'kumva ukupuma, inali nsato abale anga, nsato imene inameza mtengo wathu uja ndi njala ya chaka chimenecho n'kuuma nawo chigonere kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo, ndipo sinatichite kanthu chifukwa matayala athu ankaikanda pamsana pamene inkalephera kudzikanda, ndinaimva ndi makutu anga ikubuula mokondwa, ndiye nditangotsikira kumchira kwake nungu inandilasa tayala lakutsogolo, phuu! ndipo kuima sindikanaima ndi tcheke-tcheke uja kumbuyo, choncho ndinanyamula gudumu lakutsogolo m'mwamba n'kumayendera lakumbuyo lokha, dzanja ili likuzula udzu m'mbali mwa njira, ili likupakira m'tayala, mahandulo ndagwira ndi mano, mpaka tayala linalimba ndinalibweza pansi, pamenepo n'kuti patsogolo panga paima njati, yaweramitsa mutu, njira yonse yatseka. Mukanatani inu ndi magiya anu? Ine ndinakwera pamphuno pake, kudutsa pakati pa nyanga, msana wonse, n'kunyamukira pamchira, ndipo ndinakhala m'mwamba nthawi yokwanira kuona malole akuoloka mlatho wa Luangwa, kuona denga la nyumba yanga kuti likufunika udzu wina, ndi kuyankha muimba umene unandifunsa ngati ndafa kale kapena uyambe wadikira. Nditatera, njati inathawa ndi manyazi. Ngati ndikunama mphezi indipeze pompano dzuwa likuswa mtengo. Ndinaliza belu, anayi anayankha, lomaliza khwee-khwee.

Ndiye tinafika pa Chigwetsa. Amene simunapaone, ndi phiri limene Mulungu analidula ndi chikwanje n'kuiwala kulisalaza. Njira imatsika mokhotakhota pa nsangalabwi zoterera, kumanja khoma la mwala, kumanzere phompho, ndipo chakumtunda kwake, pa mtengo wa mpapa, pali kona imene dothi limagumuka ukalipondera kunja. Ukapitirira kona imeneyo mtunda ngati wa bwalo la mpira, pali kamalo kathyathyathya kamene timati Pachipumulo, malo okhawo pa mtsetse wonse pamene njinga ya katundu ingaime. Ukaphonya pamenepo suimanso mpaka kumtsinje. Lamulo linali loti belu lilire usanafike Pachipumulo.

Ndinaliza. Ndipo phokoso limene linalipo pamenepo inu simunalimvepo, miyala imene ndinaigwedeza pamwamba ikugubuduka kutitsatira, ina yaikulu ngati nkhokwe, anyani a phiri lonse atandanda pakhoma akukuwa ngati anthu a kumpira, mphepo ikulira moti khutu lakumanja linapindikira kumbuyo n'kumatirira, mabingu akugunda kopanda ndi kamtambo komwe, kashembe atalowa m'khutu lakumanzere akuimba nyimbo ya maliro, ndipo pamwamba pa zonsezo tcheke-tcheke, tcheke-tcheke, tayala la ba Chanda litafika pambali pa phazi langa, chifukwa Pachipumulo ndi pokhapo potakasuka poti munthu angakupitirire. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti m'phokoso limenelo ndinamva mabelu anayi. Ndinanena kwa mlongo wanga, ndinanena kwa akuluakulu a banja, ndanena pansi pa mtengo uno kambirimbiri. Pachipumulo sindinaime.

Mmene ndinatsikira kuchokera pamenepo palibe munthu adzatsikenso choncho. Phazi ndinalichotseratu pa tayala, masipoko anafiira kuti psuu, malaya anga anatsalira m'mbuyo n'kudzandipeza okha madzulo, ndinapitirira mwala umene ndinaugwetsa ndekha pamwamba, ndinapitirira mawu anga omwe amene ndinakuwa pa kona yachitatu, ndinadzawamva akufika ndili kale kumtsinje ndikusukusula, ndipo njinga italowa m'madzi kuti izizire dziwe lonse linawira, nsomba n'kumayandama zophikaphika, asodzi a kumeneko akungothira mchere wanga. Ba Chanda anafika pambuyo panga, thukuta lili kamukamu, mluzu utatha. Anavula chisoti chake chija n'kundigwira dzanja, nati: "Ba mudala, mwanionesa." Mukumva? Anavula chisoti. Anafika Tembo wamkulu, anafika wamng'ono, anafika Gilbert akucheuka. Tinadikira. Elias sanafike.

Kutsika Chigwetsa ndi nthawi yowiritsira tiyi, kukwera wapansi ndi theka la tsiku. Tinasiya katundu kwa asodzi n'kuyamba kubwerera, ine patsogolo ndikuthamanga, ndipo anzanga ndinawasiya kutali. Ndinamupeza dzuwa litapendeka, m'munsi mwa kona ya mpapa, atakodwa pa chitsa m'mphepete mwa phompho, njinga ili pamwamba pake, thumba la mchere litaphulikira pa mwendo umene fupa linatulukira kunja. Anali atadzimanga yekha ndi chubu pantchafu kuti magazi asathe, kuyambira m'mawa, ndipo mwendo unali utada kale. Linthumbu linali litamupeza. Sanalire, sanandikalipire, anangoti, "Mlamu, mwabwera." Anzanga atafika tinadula nsungwi, tinamanga machira, n'kukafika naye kuchipatala cha ku Mpanshya mawa lake. Mwendowo anaudula pamwamba pa bondo. Adokotala anati tikanafika naye dzulo lake masana mwendo ukanapulumuka, ndipo aliyense wa ife ankadziwa kuti tikanaima Pachipumulo tikanafika nthawi imeneyo.

Atatuluka m'chipatala banja linakhala pansi. Gilbert anati iye ngati sanamve belu kumbuyo kwake, koma sakanalumbira, poti kuwerenga sinali ntchito yake. Ana a Tembo anati anamva mphepo chabe. Esinati anaimirira pamaso pa amalume athu n'kundiloza chala, mlongo wanga wa bere limodzi, nati ndinagulitsa mwendo wa mwamuna wake kuti munthu wa kabudula andivulire chisoti. Ine ndinawauza za miyala, za anyani, za kashembe, ndi kuti ngakhale zinali choncho anayi ndinawamva. Palibe anaseka, palibe anagwedeza mutu. Amalume anali atayamba kale kutsokomola kuti agamule. Ndiye Elias, ali pamphasa ndi chigawo cha mwendo wake chokulungidwa nsalu, anakweza dzanja nati: "Musamuvutitse mlamu wanga. Ndinaliza. Nditagwa dzanja linafikira belu, ndinkayesa ndangopunthwa pang'ono, ndidzuka ndiwapeza. Anamva anayi." Nkhani inathera pomwepo. Ndani akanatsutsa Elias?

Gulu lathu linatha chaka chomwecho. Gilbert anakana kuyendanso pambuyo panga, ana a Tembo anapita ku malasha kukaotcha makala, ba Chanda anapima zitsime zake n'kubwerera ku Lusaka, ndipo ndikukhulupirira kuti sadziwa n'komwe dzina la munthu amene anamupopera tayala. Ine, Nobuleki, amene ndinalankhula ndi muimba, ndinatsala pansi pa mtengo uno kumata machubu a anthu osadziwa ndi kukungira legeni komwe. Esinati sanandipatsenso moni, tikakumana kuchigayo amayang'ana thumba lake. Elias anaphunzira kusoka nsapato, ankakhala apo, pakhonde la sitolo ilo, ndipo m'mawa uliwonse ankandikwezera dzanja. M'mawa uliwonse, inu! Bola akanamanditukwana. Chinthu chimodzi chokha chinasintha mwa iye, anasiya kulandira. Ku Misa ankapita ndi ndodo zake, ankaimba, ankagwada ndi bondo lake limodzi lija, koma nthawi ya Ukaristia ena akamapita kutsogolo iye ankatsala pabenchi. Anthu ankati wakwiyira Mulungu chifukwa cha mwendo. Ansembe anasinthana angapo, onse anayesa kulankhula naye, iye n'kumangomwetulira.

Wati chiyani Moffat? Nsato ingameze bwanji mtengo? Ndi zimenezo zakuvuta pa nkhani yonseyi? Nsato inalipo, njati inalipo, dzino langa ili mwaliona ndi maso anu, amene akukana akafunse muimba. Anthu inu mumadabwitsa. Mawu anga mumachita kuwasefa ngati ufa, a Elias munawameza osatafuna. Pa zonse ndakuuzani lero bodza lenileni ndi limodzi lokha, ndipo tinalinyamula awiri.

Atatsala masiku atatu kuti amwalire anaitanitsa wansembe. Anakhala naye m'chipinda nthawi yaitali, ndipo analandira, koyamba chichokereni chaka chija. Kenaka anatuma mawu kuti ndibwere, Esinati n'kutuluka panja ndisanalowe. Anali atatha, mikono ngati masipoko. Anandiyang'ana nati: "Mlamu, ine katundu wanga ndatula. Wanu ndakuthandizani kukankha mokwanira, mukatule nokha."

Chabwino, ndi ameneyu. Nditamupeza pansi pa mpapa paja, anzanga asanafike, belu lake silinali pa handulo. Linathothoka pogwa n'kuulukira mu udzu, kutali ndi pamene dzanja lake likanafika. Ndinaliponda ndi phazi langa. Ndipo ine Lazaro, ndisanamuchotse njinga pachifuwa, ndisanamukunthe linthumbu, ndisanamupatse madzi, ndinatola belu lija, ndinatenga sipanala m'chikwama chake chomwe, n'kulimangiriranso pa handulo bwinobwino. Iye akundiyang'ana. Anangotsinzina kuti ndimalize.

Pachipumulo panalibe anyani, panalibe mabingu, kashembe sanalowe m'khutu la munthu. Kunali zii moti ndinkamva kupuma kwanga. Tembo wamkulu, Tembo wamng'ono, Gilbert. Ndinadikira khwee-khwee, ndinawerenganso mumtima. Atatu. Phazi langa linanyamuka kuti liponde tayala, ndikukuuzani linanyamuka, ndiye ndinaona mano a tayala la munthu uja pambali panga, ndinamva mluzu, ndipo phazi ndinalibwezera pa pedulo.

Kauzeni Esinati ngati mukufuna, iye akudziwa kale. Kauzeni msika wonse, kauzeni ndi a minibasi akalengeze mpaka ku Lusaka. Koma mukamanena munene zonse, musadumphe pena. Pa Chigwetsa, ndi matumba atatu a mchere, popanda buleki, amene anafika woyamba kumtsinje ndine. Mukumva? Woyamba. Ndilibenso china.